Chifalansa Chokwanira Kudutsira pa Bwalo la Ndege

Munthu wochoka kuno ku Salima kupita ku dziko lolankhula Chifalansa sakumana ndi vuto la chinenero kumayambiriro kwa ulendo wake. Pa Kamuzu Road amakwera galimoto yodzera msewu wa M14, pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi amathandizidwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo akatera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg kuti asinthe ndege, Chingerezi chimamukwanira. Zinthu zimathina pa chigawo chomaliza, pamene thupi latopa, tulo sanagone mokwanira, ndipo ndege yatera ku Kinshasa, ku Lubumbashi, ku Bujumbura, ku Abidjan, ku Dakar kapena ku Paris, kumene wapolisi woona mapasipoti amayamba kufunsa mafunso m'chinenero chake, mofulumira, ali kuseri kwa galasi. Ulendo wotere si wachilendo kwa anthu a m'boma lino. Asilikali a dziko lino, amene ambiri mwa iwo anaphunzira usilikali pa MAFCO konkuno, akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire ndi ku Democratic Republic of Congo, ndipo ansembe, masisitere, ophunzira, komanso ogwira ntchito za umoyo ndi za ulimi amaitanidwa ku misonkhano ndi maphunziro m'mayiko omwewo.

Simukufunika kudziwa chinenero chonse kuti mudutse pa bwalo la ndege. Mawu ofunika ndi ochepa, ndipo amabwerezedwabwerezedwa pa bwalo lililonse. Chimene ndikuchitsindika n'chakuti muphunzitse khutu koposa pakamwa, chifukwa kufunsa funso loloweza n'kosavuta, koma funsolo silikuthandizani ngati yankho lake lingodutsa osalimva.

Yambani ndi moni, ndipo musaudumphe ngakhale mutafulumira chotani. Kwa olankhula Chifalansa, kufika pa munthu n'kungoyamba kufunsa popanda kunena "Bonjour" ndi mwano, ndipo amene wachitiridwa zimenezi amayankha mozizira ngakhale Chingerezi atachidziwa. Ife tinaleredwa kuti sitifunsa njira tisanapereke moni, choncho mwambowu sutivuta. Nenani "Bonjour, Madame" kwa mayi ndi "Bonjour, Monsieur" kwa bambo, ndipo dzuwa likalowa nenani "Bonsoir". Pambuyo pake ndi pomwe mungafunse kuti "Parlez-vous anglais ?", kutanthauza kuti kodi mumalankhula Chingerezi. Pa mabwalo aakulu monga Charles de Gaulle ku Paris ambiri ogwira ntchito m'makauntala amayankha kuti inde, koma pa mabwalo aang'ono, komanso kwa alonda, okonza m'zimbudzi ndi oyendetsa mabasi, zimene mwaphunzira ndi zimene zidzakuthandizeni. Pa bwalo la ndege aliyense mumutchule kuti "vous", amene ali ngati "inu" wathu waulemu. "Tu" ndi wa ana ndi anzanu apamtima, ndipo kwa wapolisi musamuyerekeze n'komwe. Onjezani "s'il vous plaît" popempha, "merci" pothokoza, ndi "excusez-moi" pofuna kuti munthu akutembenukireni.

Pali ziganizo zinayi zimene ndimaziona kuti n'zofunika kuposa zina zonse, chifukwa zimakupulumutsani pamene zina zonse zathawa m'mutu. "Je ne comprends pas" ndiko kuti sindikumva. "Pouvez-vous répéter, s'il vous plaît ?" ndiko kupempha kuti abwereze. "Plus lentement, s'il vous plaît" ndiko kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono. "Pouvez-vous l'écrire ?" ndiko kupempha kuti akulembereni, ndipo ponena zimenezi muzikhala mutatambasula kale dzanja lokhala ndi cholembera ndi kapepala. Ambiri a ife tili ndi chizolowezi chogwedeza mutu n'kuvomera pofuna kusonyeza ulemu kwa munthu waudindo, ngakhale sitinamve zimene wanena. Pa bwalo la ndege chizolowezi chimenechi n'choopsa. Mukayankha "oui" pa funso lakuti kodi pali wina amene wakupatsirani katundu, kapena lakuti kodi mwabwera kudzagwira ntchito pamene viza yanu ndi ya msonkhano, mwadziika nokha m'mavuto amene akanapeweka. Kunena kuti simunamve sikuchotsa ulemu, ndipo wapolisi amakumva tsiku lililonse.

Katchulidwe kamaopsa anthu ambiri chifukwa Chifalansa sichiwerengedwa monga chimalembedwera, koma malamulo ochepa okha amatsegula njira. Lemba lomaliza la mawu ambiri silitchulidwa: "départ" amamveka ngati depar, "passeport" ngati paspor, "billet" ngati biye, ndipo "s'il vous plaît" ngati sil vu ple. Apa lilime lathu limafuna kuwonjezera i kapena u kumapeto, monga timachitira ponena kuti pasipoti, ndipo muyenera kuliletsa. Malemba ou amamveka u, oi amamveka wa, au ndi eau amamveka o, ch amamveka sh ngati mu shuga, ndipo h satchulidwa konse. Lemba j limamveka ngati zy wa m'mawu akuti kuzyolika, kotero "bonjour" ndi bonzyur, koma n wakeyo samveka payekha, amangochititsa kuti o atulukire m'mphuno. Za r musadandaule nazo kwambiri. Ku Paris amamutchulira kukhosi, pamene ku mayiko ambiri a mu Africa ambiri amamutchula ndi nsonga ya lilime, ndipo onse amamvana. Chofunika n'chakuti musamusandutse l, monga timachitira m'Chichewa mmene malemba awiriwa amasinthana popanda vuto.

Mukangotuluka m'ndege, maso akhale pa zikwangwani. "Arrivées" ndi kofikira, "Départs" ndi konyamukira, "Sortie" ndi potulukira, ndipo "Correspondances" ndi njira ya amene akusintha ndege. Mawu omalizawa aloweni bwino, chifukwa wosintha ndege akatsata gulu lopita ku "Sortie" amakapezeka pa mzere wa apolisi a malire, kumene angafunsidwe viza imene alibe, ndipo nthawi yokwerera ndege yachiwiri imakhala ikutha. "Porte" ndi chipata chokwerera, "vol" ndi ulendo wa ndege pamodzi ndi nambala yake, "navette" ndi basi kapena kasitima kolumikiza zigawo za bwalo. Pa bolodi losonyeza maulendo, "à l'heure" ndiye kuti ndege ili pa nthawi yake, "retardé" yachedwa, "annulé" ulendo walephereka, "embarquement" anthu ayamba kukwera, ndipo "dernier appel" ndi kuitana komaliza, kumene mukakuona muyenera kuthamanga.

Pofunsa njira nenani "Où est la porte K 41 ?" kapena "Je cherche la porte K 41", uku mukuonetsa khadi lanu lokwerera ndege, lomwe iwo amati "carte d'embarquement". Zimbudzi zimafunsidwa kuti "Où sont les toilettes ?". Tsono mverani yankho. "À gauche", a gosh, ndi kumanzere. "À droite", a drwat, ndi kumanja. "Tout droit", tu drwa, ndi kulunjika patsogolo osakhota. Awiri omalizawa amasokoneza pafupifupi aliyense wongoyamba kumene, popeza "droite" ndi "droit" amasiyana ndi t mmodzi womveka kumapeto, choncho penyaninso dzanja la wokuyankhaniyo, ndipo bwerezani zimene wanena mukuloza komweko kuti akutsimikizireni. "En haut" ndi pamwamba, "en bas" ndi pansi, "au fond" ndi kumapeto kwenikweni kwa khonde.

Manambala ndiwo ayenera kudya nthawi yanu yambiri yophunzira, chifukwa chipata, mpando, nthawi, kulemera kwa katundu ndi mtengo wa chilichonse zimanenedwa m'manambala, ndipo pa chimkuzamawu sabwereza chifukwa cha inu. Lowezani kuyambira 1 mpaka 20, kenaka makumi. Chenjerani ndi amene amamveka mofanana: "deux" ndi 2 pamene "douze" ndi 12, "trois" ndi 3 pamene "treize" ndi 13, "six" ndi 6 pamene "seize" ndi 16. Kuyambira 70 Afalansa amawerenga mophatikiza. Iwo amati "soixante-dix", 60 ndi 10, potanthauza 70, amati "quatre-vingts", makumi awiri kanayi, potanthauza 80, ndipo 92 ndi "quatre-vingt-douze", 80 ndi 12. Munthu wosadziwa akamva "soixante-quinze" amagwira 60 yekha n'kupita ku chipata cholakwika, chonsecho anenedwa ndi 75. Ku Belgium, ku Congo, ku Rwanda ndi ku Burundi mudzamva "septante" pa 70 ndi "nonante" pa 90, zomwe n'zosavuta, koma dziwani mitundu yonse iwiri. Nthawi amaiwerenga mpaka maola 24 ndipo amailemba ndi h pakati: 14h30 ndi "quatorze heures trente", hafu pasiti 2 masana. Malemba a zipata nawonso ali ndi mayina awoawo. A ndi a, C ndi se, K ndi ka, G ndi zye, J ndi zyi, ndipo I amatchulidwa i, zomwe kwa wozolowera Chingerezi zimamveka ngati E. Phunzirani kutchula malemba a dzina lanu limodzi ndi limodzi m'Chifalansa, popeza wogwira ntchito pa kauntala akalephera kulipeza m'kompyuta adzakupemphani kutero.

Malo amene mtima umagunda kwambiri ndi pa "Contrôle des passeports". Ku France pamakhala apolisi a malire, "Police aux frontières", ndipo mwini pasipoti ya Malawi amaima pa mzere wolembedwa "Tous passeports", osati wa nzika za European Union. Ku Congo ntchitoyi imagwiridwa ndi a DGM, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Mafunso ake sasintha kwenikweni, ndipo mukagwira mawu amodzi m'funso mwadziwa chimene chikufunidwa. Mukamva "motif", monga mu "Quel est le motif de votre voyage ?", akufunsa chimene mwadzera. Yankhani mwachidule: "Je viens pour une réunion" ngati ndi msonkhano, "pour une formation" ngati ndi maphunziro a nthawi yochepa, "pour mes études" ngati ndi sukulu, kapena "Je rends visite à ma famille" ngati mukukachezera abale. Mukamva "combien de temps" akufunsa kutalika kwa nthawi, ndipo yankho ndi "dix jours", masiku 10, kapena "deux semaines", masabata awiri. Mukamva "où" ndi "loger" kapena "adresse" akufunsa kumene mukagone. Musavutike kutchula dzina la msewu, ingoperekani pepala n'kunena kuti "Voici l'adresse". Mukamva "billet retour" akufuna tikiti yobwererera.

Mawu akuti "voici", onani ichi, amagwira ntchito yaikulu pamenepa ngati mapepala anu ali m'manja osati pansi pa sutikesi. Wopita ku France kapena ku Belgium pa viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, imene imalola masiku osapitirira 90 m'masiku 180 alionse, akhale ndi kalata yomuitana, "lettre d'invitation", umboni wa kogona, ndi inshuwalansi ya ulendo, "assurance voyage". Ngati mukafikira kunyumba kwa munthu ku France, iye amakutengerani chikalata chotchedwa "attestation d'accueil" ku ofesi ya meya wa dera lake, ndipo wapolisi akhoza kuchifunsa ndi dzina limenelo. Akafuna kujambula nkhope ndi zidindo za zala adzanena kuti "Regardez la caméra" ndi "Posez vos doigts". Ku Congo ndi ku Côte d'Ivoire munthu wa zaumoyo amakuimitsani musanafike n'komwe kwa apolisi, ndipo mawu ake ndi "carnet de vaccination" kapena "fièvre jaune": akufuna kabuku kachikasu kosonyeza kuti munalandira katemera wa yellow fever. Kabukuka kasungeni mkati mwa pasipoti. Zinthu zikafika poti akupatsani chikalata choti musayine ndipo simukuchimva, nenani modekha kuti "Je voudrais un interprète, s'il vous plaît", ndiko kupempha womasulira, ndipo musasayine kufikira mutamva zimene zalembedwamo. Kulikonse kumene mwauzidwa kulipira ndalama, pemphani lisiti: "Un reçu, s'il vous plaît".

Katundu amatengedwera ku "Bagages" kapena "Livraison bagages". Lamba woyendetsa masutikesi akaima wanu asanatuluke, musachoke m'chipindamo musanakadandaule pa kauntala ya "Service bagages", imene pena imalembedwa "Litiges bagages". Chiganizo chake ndi "Ma valise n'est pas arrivée", ndipo ngati yafika yothyoka, "Ma valise est abîmée". Adzakufunsani kapepala komata kokhala ndi nambala kamene anakupatsani ku Lumbadzi popereka katundu, kamene nthawi zambiri amakamata kuseri kwa khadi lokwerera ndege kapena pa chikuto cha pasipoti, ndipo ambiri amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito. Adzafunsanso mtundu wa sutikesiyo, choncho dziwani kuti "noire" ndi yakuda, "bleue" yabuluu, "rouge" yofiira, "grande" yaikulu ndi "petite" yaing'ono. Kuijambula pa foni musananyamuke kumachepetsa kulankhula konseku. Musachoke popanda pepala lokhala ndi nambala ya dandaulo lanu.

Kenaka pali "Douane", akasitomu. Njira yobiriwira yolembedwa "Rien à déclarer" ndi ya amene alibe chinthu choyenera kuulula kwa akasitomu, ndipo yofiira ndi ya amene ali nacho. Munthu wa kunyanja kuno sapita kwa m'bale wake chimanjamanja. M'sutikesi mumakhala usipa wouma, utaka, mpunga wa kilombero kapena ufa. Dziwani kuti m'mayiko a European Union nyama ndi zamkaka zochokera kunja siziloledwa m'katundu wa wapaulendo, pamene nsomba zouma kapena zowamba zimaloledwa pa mlingo wosapitirira makilogalamu 20. Wakasitomu akatsegula chikwama n'kufunsa kuti "Qu'est-ce que c'est ?", kes ke se, kodi ichi n'chiyani, yankhani kuti "C'est du poisson séché" pa nsomba zouma, "du riz" pa mpunga, "de la farine de maïs" pa ufa wa chimanga, ndipo onjezani kuti "C'est un cadeau", ndi mphatso. Ufa woyera wa m'jumbo yosalembedwa kanthu umakopa maso a wakasitomu aliyense, motero ndi nzeru kulemba dzina lake m'Chifalansa pa jumbopo. Mankhwala akhale m'mapaketi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo munene kuti "Ce sont mes médicaments". Polowa m'mayiko a European Union, wonyamula ndalama zokwana mayuro 10,000 kapena kuposerapo ayenera kuziulula. Mukakayika pa chilichonse, dzerani njira yofiira n'kufunsa.

Zovuta zina zimafuna chiganizo chimodzi chokha. "J'ai raté ma correspondance" ndiko kuti ndege yachiwiri yandisiya, ndipo motsatira mufunse kuti "À quelle heure part le prochain vol ?", ina inyamuka nthawi yanji. "J'ai perdu mon passeport" ndiko kuti ndataya pasipoti. "Je suis malade, j'ai besoin d'un médecin" ndiko kuti ndadwala, ndikufuna dokotala. Kwa amene amakuthamangirani potulukira kuti akunyamulireni chikwama kapena akupezereni galimoto, "Non, merci" wonenedwa molimba mukuyendabe ndi wokwanira. Tsatani chikwangwani cha "Taxis" kapena dikirani amene anakulonjezani kudzakuchingamirani.

Kuphunzira kwake kuyambe masabata angapo ulendo usanafike, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, osati usiku wotsiriza pamene mukulongedza. Gulani kakope kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, ndipo pa tsamba lililonse lembani chiganizo cha Chifalansa, katchulidwe kake m'malemba athu, ndi tanthauzo lake. Masamba atsatane monga ulendo umayendera, kuyambira pa moni mpaka potulukira, kuti potsegula musasakesake. Foni imathandiza, makamaka pomvera katchulidwe, ndipo Google Translate imalola kusungiratu Chifalansa m'foni kuti igwire ntchito popanda intaneti. Komabe musaidalire yokha, chifukwa pambuyo pa ulendo wautali batire imakhala itatha, ndipo pa mzere wa apolisi nthawi zambiri saloleza kugwiritsa ntchito foni. Koposa zonse pezani munthu wolankhula nanu. Aphunzitsi a Chifalansa alipo m'masekondale ena, asilikali amene anakhalapo ku Congo ali pakati pathu, alendo olankhula Chifalansa amafika m'mahotela a ku Senga Bay, ndipo ku Dzaleka, m'boma loyandikana nalo la Dowa, kuli anthu ambiri ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Mupempheni munthuyo akhale kuseri kwa tebulo ngati wapolisi, akufunseni mafunso aja mosatsata ndondomeko ndiponso mofulumira, osamwetulira, kenaka akutchulireni manambala inu muzilemba. Mukatha kulemba 76, 84 ndi 97 osaima kuganiza, khutu lanu lakonzeka.

Pobwerera mudzayambira pa "Enregistrement", popereka katundu. Adzafunsa kuti "Combien de bagages ?", masutikesi angati, ndipo mukamva "excédent" ndiye kuti katundu wapitirira muyeso ndipo pali zolipira. "Hublot ou couloir ?" ndi funso la mpando, wa pawindo kapena wa m'mbali mwa kanjira. Pa malo osecha mverani "ceinture", lamba wa m'chiuno, "chaussures", nsapato, "ordinateur", laputopu, ndi "Videz vos poches", khuthulani m'matumba. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zikhale m'timabotolo tosapitirira mamililita 100. Pomaliza, tchulani bwino kumene mukupita. M'mayiko olankhula Chifalansa dzina la Mali ndi lozoloweka kwambiri kuposa la dziko lathu, ndipo mayina awiriwa amamveka mofanana pa kauntala yaphokoso. Nenani momveka kuti "Je vais à Lilongwe, au Malawi", funsani kuti "Ma valise va jusqu'à Lilongwe ?" kuti mudziwe ngati sutikesi ikafika yokha mpaka kwathu kapena muyenera kukaitenga posinthira ndege, ndipo isanalowe mkati yang'anani pepala limene aimata pa chogwirira muone ngati palembedwa malemba atatu akuti LLW.